Waya Wopanda Soketi

Foni inalira Kawaya ali pamwamba pa polo, ndipo ataona kuti ndi bwana wake, anadziwiratu kuti si zabwino. Bwanayo sankaimba m'mawa popanda chovuta.

"Tsika," anatero. "Nyumba ya dzulo ija, ya chipata chobiriwira. Apolisi ali komweko, akukufuna."

"Ine? Ndaononga chiyani?"

"Akuti kwasowa zinthu. Pita ukadziyankhire wekha. Koma dziwa kuti kampani ilibe malo a munthu amene dzina lake lalowa m'buku la apolisi."

Kawaya silinali dzina lake lenileni. Anamupatsa ndi anzake a kuntchito chifukwa cha kuonda, ati mtsikana ameneyu akaima chammbali sasiyana ndi waya umene akukoka. Zaka zisanu ndi zinayi akulowa m'nyumba za eni, kuzipinda zogona, kuseri kwa makabati, anali asanatolepo ngakhale singano. Koma ankadziwa mmene zimakhalira: chinthu chikasowa, maso onse amathamangira kwa mlendo.

Ali m'galimoto la ntchito anayamba kubwereza m'mutu za dzulo lija. Ntchito yake inali yosavuta: kukoka faiba, waya wa intaneti, kuchokera pa polo, kuilowetsa m'nyumba, n'kulumikiza rauta yatsopano, makina ogawa intanetiyo, ku mawaya akale amene mwini nyumba anayala m'makoma zaka zam'mbuyo. Mwini nyumbayo anali atamwalira masabata asanu ndi limodzi apitawo. Mawaya onse ankathera m'bokosi la pakhoma kumapeto kwa kolido, ndipo malemuwo, munthu wadongosolo, anamata kapepala pa waya uliwonse: pabalaza, ku ofesi, chipinda chachikulu, kwa alendo, kwa mwana. Masoketi asanu, mawaya asanu otuwa ndi fumbi.

Koma m'bokosimo munali winanso. Wabuluu, watsopano, wopanda kapepala. Unkadutsa m'kachipangizo kakuda kolumikizidwa kumagetsi, n'kukwera kulowa m'siling'i. Kawaya anazungulira nyumba yonse osapeza soketi yake. Anafunsa mwana wamkazi wa malemuwo, amene anaitanitsa faibayo, iye n'kungopukusa mutu ali kalikiliki kufunafuna nsapato za mayi ake. Ndiye Kawaya anausiya waya uja ukulendewera, osaulumikiza ku rauta yatsopano. Kachipangizo kakuda sanakazimitse, poti chimene sukuchidziwa m'nyumba ya eni suchigwira. Atamaliza anakhoma bokosilo n'kumapita.

Pafupi ndi chipata chobiriwira anapisa dzanja m'thumba la ovolosi kufuna mpango wopukutira thukuta. Zala zinagunda kanthu kozizira.

Anali kiyi wa bokosi lija. Anaiwala kumubweza.

* * *

Sajeni anali bambo wamkulu, wa imvi m'mphepete mwa makutu, wolankhula ngati munthu amene alibe kothamangira. Analandira kiyi uja, n'kumutembenuza kawiri, n'kumuika patebulo pakati pa balaza.

"Mumatenga makiyi a eni nthawi zonse, chemwali?"

"Ndinaiwala, bwana. Ndi wa bokosi la mawaya basi, satsegula china chilichonse."

"Dzulo kuyambira hafu pasiti teni mpaka wani koloko munali kuti?"

"Ndinali m'nyumba muno mpaka leveni. Kenako ndinapita pa polo ya pakona, nyumba zitatu kuchokera pano. Ndinabwerako cha m'ma hafu pasiti thwelofu."

"Alipo anakuonani?"

"Anthu sayang'ana kumwamba, bwana."

"Khalani apo," anatero Sajeni, akuloza kampando ka pakona. "Muzimva zonse. Wina akakunamizirani, nkhope yanu indiuza. Mukanama inu, indiuzanso."

Woyamba kulankhula anali mayi wamasiye. Anakhala mowongoka, manja pamiyendo, mawu awo otsika koma osagwedera.

"Kuchipinda kwanga kuli kabati yachitsulo yotsegula ndi manambala. Manambalawo tinkawadziwa anthu awiri, ndipo winayo ali m'manda. Lolemba usiku mapepala a nyumba ino anali momwemo, pamodzi ndi wilu ya amuna anga. Dzulo madzulo ndinapeza mulibe. Wotchi yawo ilimo, mphete zanga zilimo. Wakuba ameneyu ankadziwa chimene ankafuna."

"Kabatiyo yathyoledwa?"

"Ilibe ngakhale kachipsera."

"Manambalawo munawalemba penapake?"

"Ndakalamba, Sajeni, koma sindinapuse. Hafu pasiti teni ndinapita kuchipatala ndi mwana wangayu, tinabwera wani koloko. Chipinda sindinakhome, poti mmisiriyu ankafunika kuyesa soketi ya mmenemo." Anayang'ana Kawaya koyamba, mopanda chidani, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa. "Chiyambire dzulo madzulo ndadzikhomera mmenemo. Ndatuluka pano chifukwa cha inu."

Wachiwiri sanadikire kuitanidwa. Anali mng'ono wake wa malemu, munthu wa mawu ngati bingu, amene analowa akulankhula kale.

"Ndikudziwa mukundiganizira ine! Eya, ndinabwera dzulo teni koloko. Eya, ndinakalipa. Ndinawauza alamuwa pamaso kuti nyumba iyi anamanga ndi achimwene anga, ndipo ndikufuna kumva zimene wilu ikunena. N'kulakwa? Koma wakuba amabwera kudzakuwa kaye kuti msewu wonse umve? Ndinatuluka iwo asananyamuke. Kafunseni kometera tsitsi, ndinakhala kumeneko mpaka wani, ndipo nkhani yonse ya banja lino ndinaifotokoza kwa anthu asanu ndi awiri, kuphatikizapo amene sanandifunse."

"Zimenezo ndikukhulupirira," anatero Sajeni, osamwetulira.

Wantchito wa pakhomopo analowa akupotokola m'mphepete mwa epuloni. Anali atagwira ntchito m'nyumbamo zaka makumi awiri, koma ankachita mantha ngati wabwera dzulo.

"Ine bwana ndinali kuseri, ndikuchapa makatani. Wayilesi inkalira. Sindinaone munthu, sindinamve munthu, ndipo sindikufuna kuika munthu m'mavuto, Mulungu ndi mboni."

"Koma?"

"Sindinanene kuti koma, bwana."

"Maso anu anena."

Mayiyo anasuzumira kukhomo, n'kutsitsa mawu. "Ndi nkhani yochititsa manyazi. Abambo aang'onowa atachoka, ndinakolopa kuchimbudzi cha m'kolido, n'kutsitsa mpando wake ngati nthawi zonse. Cha m'ma thwelofu ndikukatenga sopo, ndinaupeza mpando uja uli chiimire." Anaphimba pakamwa ndi epuloni. "Pakhomo pano tinatsala akazi okhaokha, bwana. Ine ndi chemwali wa mawayayu."

Sajeni analemba kanthu m'kabuku kake. Kawaya anadziwa kuti zimenezi sizikwanira. Mpando wa chimbudzi sungatulutse munthu m'manja mwa apolisi.

Womaliza anali mkamwini, mwamuna wa mwana wamkazi uja. Iye ndi mkazi wake anasamukira m'nyumbamo malemu atayamba kudwala. Analowa atanyamula thireyi ya tiyi, n'kuyamba kuthirira apongozi ake, shuga theka la supuni monga ankakondera. Malaya ake anali osita bwino, mawu ake ofewa ngati thonje.

"Ndinachoka seveni m'mawa, ndinabwera sikisi madzulo. Mlongoyu ndikumuona koyamba lero, ndipo sindikufuna kumunamizira. Mwina alibe mlandu. Kungoti, monga mukudziwa, Sajeni, anthu oterewa amayenda ndi zipangizo zimene ife sitizimvetsa."

"Za mawaya mumadziwako?"

"Ine?" Anaseka. "Babu likapsa ndimaitana mkazi wanga. Bokosi lija linali la malemu, sindinalitsegulepo chibadwire." Anaika kapu pafupi ndi Sajeni, kenako anatembenukira kwa Kawaya mwaulemu. "Komabe poti mwabwera, mlongo, mutimalizire ntchito yathu. Mwalumikiza asanu, wina uja mwausiya ukulendewera. Mwina n'chifukwa chake intaneti ikudukaduka. Ndi mphindi imodzi yokha, si choncho?"

Kawaya anatsala pang'ono kunena kuti inde. Kenako maso ake anagwera patebulo, pamene panali kiyi uja.

* * *

"Bwana, ndilankhule nanu panokha."

Sajeni anatuluka naye m'kolido. Kawaya analoza bokosi lija, chitseko chake chachitsulo chili chikhomere.

"Mawaya ali mmenemu ndi asanu ndi limodzi, masoketi m'nyumba muno ndi asanu. Wina uja ndinausiyadi ukulendewera. Koma bokosili ndinalikhoma dzulo masana, ndipo kiyi anagona m'thumba mwanga. Munthu amene sanalitsegulepo chibadwire, amene anali kuntchito tsiku lonse, wadziwa bwanji?"

Sajeni anakanda chibwano. "Mkazi wake angakhale atamuuza."

Anaitana mkaziyo. Anabwera maso ali otupa, foni m'manja.

"Za waya? Chemwaliyu anandifunsadi kenakake dzulo, koma sindinamve n'komwe, mutu unali kuchipatala. Usiku wonse m'nyumba muno munali ngati maliro achiwiri. Ndani akanakamba za mawaya?"

"Intaneti ikudukaduka?" anafunsa Kawaya.

"Ayi. Ikuthamanga kuposa kale. Bwanji?"

Sajeni anamuuza kuti abwerere kubalaza. Atatsala awiri, anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Munthu samangidwa chifukwa chodziwa kuwerenga mawaya, chemwali. Wamilandu angandiseke."

"Ndiye mundipatse makwerero ndi mphindi khumi. Waya sunama, bwana. Uli ndi kumene ukuchokera, uli ndi kumene ukupita."

"Mukapeza kuti ukuthera pachabe?"

Onse awiri ankadziwa kuti zikatero, masana ano akwera galimoto la apolisi.

Kakhomo kolowera m'siling'i kanali kamodzi kokha, mkati mwa chipinda cha mayi wamasiye, pamwamba pa khomo la bafa. Mayiwo anatsegula chipindacho ndi kiyi amene anamupachika m'khosi. Banja lonse linatsatira, aliyense ndi funso lake, kupatula mkamwini.

M'siling'i munkatentha ngati m'ng'anjo. Kawaya anakwawa pamitanda, tochi kukamwa, akusamala kuti bondo lisaponde pamatabwa opyapyala n'kugwera pansi. Fumbi linkamulowa m'mphuno. Mawaya otuwa a malemu anali atakhomeredwa bwinobwino m'mbali mwa mitanda, koma wabuluu uja unangoponyedwa pamwamba pake, wopindikapindika, ntchito ya munthu wothamanga. Anautsata kuchokera kukolido. Unadutsa pamwamba pa bafa, n'kukhotera kumanzere, n'kulowa pansi pa katoni yakale.

Anasuntha katoniyo. Kanyali kobiriwira kankaphethira mumdimamo.

Inali kamera, yaing'ono ngati bokosi la machesi, itamatidwa chozondoka pa kabowo pafupi ndi pamene pamalendewera babu. Kawaya anaimatula, n'kuika diso lake pabowopo. Anaona bedi lonse. Anaona kabati yachitsulo, manambala ake ali poyera ngati akuwerenga nyuzipepala. Anaonanso pamutu pa mayi wamasiye, amene anaima pomwepo osadziwa kanthu.



Atafika pakakhomo paja n'kutulutsa mwendo, anapeza kuti wagwira makwerero ndi mkamwini.

"Pang'onopang'ono, mlongo, mungagwe," anatero, nkhope ili mmwamba, dzanja limodzi atalitambasula. "Mwapeza chiyani? Ndipatseni ndikugwirireni."

Makwerero anagwedezeka pang'ono. Kawaya anafinyira kamera ija pachifuwa. Pansi panali simenti, ndipo Sajeni anali kumbuyo, pafupi ndi zenera.

"Bwana Sajeni!" Mawu anatuluka aakulu kuposa mmene ankafunira.

"Musiyeni atsike nacho yekha, achimwene," anatero Sajeni, akubwera mosathamanga. "Makwererowo ndigwira ine. Inu takhalani pabedipo, mwaima nthawi yaitali."

* * *

Mkati mwa kamera munali kakhadi kosungira zithunzi. Kawaya anakalowetsa mu laputopu yake ya ntchito, n'kuiika patebulo lodzolera mafuta.

"Kamerayi imadya magetsi a kachipangizo kakuda ka m'bokosi kudzera mu waya womwewu," anafotokoza. "Nditachotsa rauta yakale dzulo, foni ya mwini wake inamuuza kuti kamera yazima. Koma sinazime. Inangosiya kulankhula ndi foniyo, ikujambulabe. Atazindikira, panali njira ziwiri zofufutira: kukwera m'siling'i, koma amayi anadzikhomera muno, kapena kulumikiza waya uja, koma kiyi anali kwa ine."

Anatsegula za dzulo. Nthawi inkaoneka pakona: mphindi zisanu ndi zitatu kuti ikwane thwelofu.

Chitseko chinatseguka. Analowa munthu wa malaya osita bwino, n'kugwada patsogolo pa kabati yachitsulo. Sanaganize, sanaphonye, zala zinangodumpha pamanambala ngati zikuimbira foni mkazi wake. Anatulutsa envulopu yaikulu, n'kuilowetsa m'malaya. Akuimirira anayang'ana kumwamba, molunjika pakamera, kamphindi kochepa.



"Ndinkateteza banja," anatero mkamwini, mawu ake atauma. "Amayi, ndimvereni. Abambo aang'onowa akanakulandani nyumba. Ndinkafuna kuwasunga pabwino mapepalawo."

"Iwe!" anabangula mng'ono wa malemu. "Iwe njoka ya m'thumba! Ine ndimakuwa masana dzuwa likuswa mtengo, iwe umakwawa m'denga ngati khoswe!"

Mkazi wa mkamwiniyo sanakuwe. Anayang'ana mwamuna wakeyo ngati akuwerenga chikwangwani cha chilankhulo chachilendo, kenako anafunsa motsitsa: "Mayi anga amavula m'chipinda muno. Unkaonera pafoni imene ija? Imene unkagona nayo pansi pa pilo?"



Envulopu ija inapezeka m'galimoto la mkamwini, pansi pa tayala losinthira. Pamodzi ndi mapepala a nyumba munali chikalata china chatsopano, chogulitsa nyumbayo kwa anthu ofuna kuigwetsa n'kumanga mashopu, pansi pake patasainidwa kale dzina la mayi wamasiye, ndi dzanja limene silinali lawo. Wapolisi wina amene anatsala pachipata anakweza mkamwiniyo m'galimoto la apolisi. Sajeni anabwerera m'nyumba, n'kutsegula kabuku kake pamaso pa Kawaya, n'kudula mzere pa dzina lake.

"Bwana wanu ndimuimbira ndekha," anatero. "Tulutsani kakhadiko, ndi umboni."

Kawaya anatambasula dzanja kuti atseke laputopu.

"Dikira kaye, mwanangu."

Anali mayi wamasiye. Anakhala m'mphepete mwa bedi, atadzikulunga shawelo mpaka m'khosi ngakhale kunkatentha.

"Undikhululukire, ndinakuganizira zoipa. Tsopano undiuze zoona, usandibisire. Chinthu chimenechi chakhala chikundiyang'ana kuyambira liti?"

Kawaya anatsetsereka ndi chala mpaka kumayambiriro, n'kutchula tsikulo. Panali patatha miyezi iwiri ndi masiku angapo.

"Sabata imene tinagonekedwa kuchipatala," anatero mayiwo, akuwerenga ndi zala. "M'nyumba muno mkamwini uja anatsala yekha." Anatseka maso, nkhope itakwinyika ndi manyazi. Kenako anawatsegula mwadzidzidzi. "Koma tinabwerako. Amuna anga anakhala masabata awiri pabedi pompano asanatisiye." Analoza laputopu ija. "Ndiye kuti ali momwemo?"

Kawaya anayang'ana Sajeni. Sajeni anayang'ana wotchi yake, n'kutsokomola.

"Ndikuona ngati galimoto lija sindinalifufuze bwino," anatero. "Zinditengera kanthawi." Anatuluka, n'kukoka mng'ono wa malemu pamkono, n'kutseka chitseko.

Kawaya anasankha tsiku lina la m'masabata awiriwo, m'mawa. Chithunzicho chinali chotuwa, chopanda mawu. Bambo wina wokalamba, woonda, anakhala m'mphepete mwa bedi akulimbana ndi mabatani a malaya. Linamukanika loyamba, linamukanika lachiwiri. Kenako mkazi wake anatulukira, n'kumumenya kadzanja mwachikondi, n'kuyamba kumumangira. Bamboyo ananena kanthu, ndipo mkazi wa pachithunzipo anagwetsera mutu kumbuyo, akuseka.

"Ankati ndili ndi zala za womanga nyumba," anatero mayi wamasiye, misozi ikutsika osaipukuta. "Zaka makumi anayi, nthabwala imodzi yomweyo."

Mwana wawo anabwera n'kukhala pambali pawo, n'kutsamiritsa mutu paphewa lawo. Chithunzi chinatha, galasi n'kuda.

Mayiwo anagwira mkono wa Kawaya mwamphamvu.

"Bwezanso, mwanangu," anatero. "Uyambire pomwe akulimbana ndi batani."